Atiletsa kukazonda bambo athu kuchipatala chifukwa cha mliri: kodi tiwatulutse?

"Ndine mayi wa zaka 34. Bambo anga, a zaka 71, anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawachita opaleshoni masiku 4 apitawo ndipo akadali m'chipatala. Amadwalanso shuga. Dzana tinapeza chikalata chitamatidwa pakhomo la wodi, chonena kuti kwabuka matenda opatsirana, choncho kuzonda odwala kwayamba kwaimitsidwa ndipo wodwala aliyense aziloledwa munthu mmodzi yekha womudwazika. Sanatiuze bwinobwino kuti ndi matenda anji. Ena akuti ndi Covid-19, ena akuti ndi chimfine champhamvu. M'banja mwathu tilipo ana 5 ndipo mutu wakula. Achimwene anga akuti tiwatulutse bambo asanatengere matendawo komweko. Amene ndimadziwa bwino mankhwala awo ndine, koma ndili ndi mwana woyamwa wa miyezi 7. Kodi bambo ali pabwino m'menemo? Tiwatulutse? Nanga ndikakhala ine wowadwazika, ndidziteteze bwanji pamodzi ndi mwana wanga?"

Pepani mayi ndi matendawa, ndipo mtima ukhale m'malo. Chikalata mwachiona pakhomocho sichikutanthauza kuti zinthu zafika posauzana. Ndagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 20, zambiri mwa izo ndikuyang'anira ntchito yoteteza odwala kuti asapatsirane matenda m'mawodi, ndipo zikalata zoterozo ndamatapo ndi manja anga. Timazimata matenda akangoyamba kuoneka, nthawi zina odwala ake asanakwane ndi 5 omwe. Chipatala chimene chingandidetse nkhawa ine ndi chomwe mliri uli mkati koma anthu akungolowa ndi kutuluka ngati pamsika.

Tiwerengere limodzi kuti muone chimene anamwino akuopa. Tiyerekeze wodi ya mabedi 30. Wodwala aliyense akamalandira anthu 4 m'mawa ndi ena 4 madzulo, ndiye kuti pa tsiku anthu 240 apuma mpweya wa m'chipindamo, agwira chitseko, atsamira zitsulo za bedi, alowa m'chimbudzi chomwecho. Pa anthu 240 m'nyengo ya mliri, n'zovuta kuti onse akhale opanda kachilombo. Vuto lake n'lakuti amene ali nako kawirikawiri sadziwa. Munthu wa chimfine champhamvu amayamba kupatsira ena patatsala pafupifupi tsiku limodzi kuti adzimve kudwala. Wa Covid-19 amatha kuyamba kupatsira tsiku limodzi kapena awiri zizindikiro zisanaoneke. Wa chikuku amapatsira masiku 4 zidzolo zisanatuluke. Kolera ndiye amanamiza kwambiri, chifukwa ambiri amene alowedwa ndi tizilombo take sadwala n'komwe, chikhalirecho tizilomboto timatuluka m'chimbudzi chawo mpaka masiku 10. Choncho mlonda wa pageti, ngakhale ali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, amagwira ochepa okha.

Zimene zinachitika ku South Korea mu 2015 zimaphunzitsidwa mpaka lero kwa ife a ntchito imeneyi. Bambo mmodzi wa zaka 68 anabwerako ku maiko a ku Middle East ndi matenda opatsirana a m'mapapo otchedwa MERS, ndipo anayenda zipatala zingapo matendawo asanadziwike. Pomwe mliriwo unkatha, anthu 186 anali atadwala ndipo 38 anamwalira, pafupifupi onse atatengera matendawo m'zipatala. Wodwala mmodzi yekha anapatsira anthu oposa 80 m'chipinda cholandirira matenda adzidzidzi, ndipo ambiri mwa iwo anali odwala anzake ndi anthu odzazonda. Akatswiri atafufuza anatchula zifukwa zingapo, ndipo china chinali chakuti achibale ambiri ankakhala ndi odwala awo m'zipinda zodzaza kale. Anthuwo sanalakwe dala. Anapita kukaonetsa chikondi, kachilombo n'kukwera nawo.

Funso lanu loti bambo ali pabwino kapena ayi ndiliyankha mosabisa mawu. Chipatala sichikhala malo opanda tizilombo, mliri ulipo kapena palibe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti pa odwala 100 aliwonse ogonekedwa, pafupifupi 7 m'maiko olemera ndi 15 m'maiko osauka ndi apakati amatenga matenda ena ali m'chipatala momwemo. Koma dziwani ichi: ambiri mwa matenda amenewo salowera pakhomo ngati mliri. Amalowera pabala la opaleshoni, pakachubu ka mkodzo, pakasingano ka diripi kamene kakhalitsa pamkono, ndi m'mapapo mwa munthu amene wagona chagada masiku ambiri osadzuka. Bambo anu akhoza kukhala ndi makomo onsewa otseguka, ndipo shuga amachedwetsa bala kupola ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Maso a banja lanu onse ali pa mliri, ndikumvetsa, koma ine ndikanakhala pambali pa bedi lawo ndikanadera nkhawa zinazi mofanana.

Mawa mukafika, pemphani kuonana ndi namwino wamkulu woyang'anira wodiyo, mumufunse mwaulemu kuti kwabuka matenda anji. Sangakuuzeni maina a odwala, ndipo sayenera kutero, koma dzina la matenda muli ndi ufulu wolidziwa. Paja safunsa anadya phula. Mufunsenso ngati odwala matendawo anawapatula m'chipinda chawochawo, ngati anamwino owasamalira ndi omwewo amene akusamalira bambo, komanso ngati bambo anagonapo moyandikana ndi munthu amene anapezeka nawo. Yankho la funso loyamba limasintha zonse. Matenda oyenda m'malovu ndi mumpweya, monga Covid-19, chimfine champhamvu, chikuku ndi chifuwa chachikulu, amafuna masiki, mawindo otsegula ndi kutalikirana. Kachilombo ka chikuku kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola 2 wodwala atatulukamo. Matenda otsekula m'mimba ndi kusanza amafuna sopo, madzi ndi klorini, ndipo masiki pamenepo sathandiza kwenikweni. Ebola ndi matenda ena ofanana nawo amayenda m'magazi, masanzi ndi madzi ena a m'thupi; akakhala amenewo, lamulo la chipatala silikambirana, ndipo ngakhale wodwazika saloledwa kufika pafupi popanda zovala zodzitetezera.

Za kuwatulutsa. Achimwene anu sakuganiza zopusa, ndipo musawayankhe ngati akuganiza zopusa. N'zoona kuti tsiku lililonse losafunikira limene wodwala wagona m'chipatala limawonjezera mpata wotenga matenda, ndipo madokotala nawonso m'nyengo ya mliri amafunitsitsa kutulutsa aliyense amene angathe kutuluka. Koma tsiku lachinayi pambuyo pa opaleshoni ya m'chiuno, kwa munthu wa zaka 71 wa shuga, nthawi zambiri silikhala tsiku losafunikira. Masiku amenewa ndi amene magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, magazi oundanawo n'kuthawira m'mapapo. Ndi masiku amene bala limaonetsa ngati lalowa tizilombo, amene shuga amakwera ndi kutsika mosayembekezereka chifukwa thupi lavutika ndipo munthu sakudya monga mwa masiku onse. Ndi masikunso amene a fiziyo amaphunzitsa wodwala kudzuka, kukhala pansi ndi kuponda popanda kugulula chimene madokotala alumikiza. Mukawatulutsa mokakamiza, n'kutheka kuti mudzabwerera nawo patatha masiku atatu kudzera ku chipinda cha matenda adzidzidzi, komwe m'nyengo ya mliri ndiye kumakhala kodzaza ndi anthu otsokomola. Ndaziona kangapo ndi maso anga.

Njira yabwino n'kupita kwa dokotala, inu ndi achimwene anu limodzi ngati angalole, n'kufunsa kuti, "Chatsala n'chiyani kuti bambo atuluke, ndipo mukuganiza kuti lingakhale tsiku liti?" Mufunsenso kuti kunyumba kukafunika chiyani: wotsuka bala, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndodo kapena chitsulo choyendera, tsiku lodzaonedwanso. Dokotala akaona kuti banja lakonzeka, kawirikawiri amafupikitsa masiku yekha. Ndipo muwakumbutse achimwenewo mofatsa kuti kunyumba nakonso mliri uliko. Kumeneko kulibe mlonda woti abweze anthu odzazonda, ndipo bambo akangofika, achibale ndi anansi onse amene analetsedwa kuchipatala adzabwera tsiku limodzi.

Tsopano wowadwazika akhale ndani? Pano mundikhululukire, ndinena maganizo anga: ngati mwa ana 5 muli wina wathanzi labwino, wosakhala woyembekezera, wopanda khanda kunyumba, wodekha mtima ndi wotha kulemba, ameneyo ndiye apite. Zoti inu mumadziwa mankhwala a bambo zimasamutsika mosavuta. Mulembe papepala dzina la mankhwala aliwonse, mlingo wake, nthawi yomwera, ndi mankhwala amene amawawenga ngati alipo. Koma chitetezo cha mwana wa miyezi 7 simungachilembe papepala. Pa msinkhu umenewo sanamalize katemera. Wa chikuku m'maiko ambiri amaperekedwa pa miyezi 9, kwina pa miyezi 12. Masiki sangavale, popeza mwana wosakwana zaka 2 savekedwa masiki kuopa kubanika. Mwanayo asapite nawo kuchipatala ngakhale kukadikira panja pa wodi. Enanso oyenera kukhala kutali ndi okalamba, amene akulandira mankhwala a khansa, ndi aliyense amene chitetezo chake chili chofooka. Ndipo wodwazika akhale mmodzi yemweyo, kapena awiri osinthana patapita masiku angapo chipatala chikalola. Kusinthana m'mawa uliwonse kuti aliyense "aoneko bambo" kumapha cholinga chonse cha lamuloli.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimapempha mabanja mogwada. Amene wadzuka ndi chifuwa, chimfine, zilonda zapakhosi, kutentha thupi, zidzolo, kutsekula m'mimba kapena kusanza, asapite. Wotsekula m'mimba kapena kusanza adikire maola 48 chilekereni. Ndimakumbukira bambo wina amene ankadwazika mkazi wake. Tsiku lina ndinamuona akupukuta thukuta m'mawa kukuzizira, maso ali psuu. Nditamufunsa anaseka n'kunena kuti wathamanga. Pambuyo pake anaulula yekha kuti anamwa mapilitsi otsitsa kutentha kwa thupi ali pageti, kuti kachipangizo kasamugwire, chifukwa panalibe wina woti amusiyire mkaziyo. Bedi loyandikana nalo panali mtsikana amene magazi ake anali atafooka ndi mankhwala a khansa. Tinamusamutsa usiku womwewo ndipo tonse sitinagone. Bamboyo sanali woipa mtima, anali wosowa pogwira. Akanatiuza, tikanapeza njira. Ndiye m'banja mwanu mugwirizaniretu lero za munthu wachiwiri amene angalowe m'malo woyambayo akadwala.

Zikavuta kuti palibe wina koma inu, musaope mopitirira. Zodzitetezera zake si zapatali, kungoti zimafuna kusatopa nazo. Chachikulu ndi manja. Nkhaniyi inayamba kale: mu 1847 dokotala wina dzina lake Ignaz Semmelweis, ku Vienna, analamula madokotala kusamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire amayi oyembekezera, ndipo imfa m'wodi yake zinatsika kuchoka pa amayi pafupifupi 18 pa 100 aliwonse kufika pa awiri m'miyezi yochepa. Anzake ambiri sanamukhulupirire. Lero tonse timakhulupirira, koma kuiwala sitinasiye. Sambani polowa m'wodi, musanagwire bambo, musanawadyetse, mukawathandiza kuchimbudzi, mukagwira zofunda kapena zitsulo za bedi, ndi potuluka. Ndi sopo ndi madzi, ntchito yonse itenge masekondi 40 mpaka 60. Ndi sanitaiza, tikitani masekondi 20 mpaka 30 mpaka manja aume okha, osapukuta pa chovala. Malo amene anthu amaiwala ndi zala zazikulu, nsonga za zala ndi pakati pa zala. Wengani zikhadabo, vulani mphete ndi zibangili. Ngati m'manja mukuoneka litsiro, kapena ngati mliri uli wotsekula m'mimba, sanitaiza musamudalire. Tizilombo tina ta m'mimba, monga norovirus ndi C. difficile, sitifa naye bwino. Pamenepo sopo ndi madzi basi.

Masiki aphimbe mphuno, pakamwa ndi chibwano, ndipo kawaya kake mukapinde kagwire pamphuno. Akanyowa sinthani. Povula gwirani zingwe, osati kutsogolo kwake, kenako sambani m'manja. Kumutsitsira pachibwano kuti mulankhule n'chimodzimodzi osavala, popeza polankhula ndi pamene malovu amauluka. Akakuuzani kuti ndi chikuku kapena chifuwa chachikulu, funsani za masiki okhwima aja a N95. Magolovesi ndiye amandipweteketsa mutu. Munthu akawavala amadzimva wotetezeka, n'kugwira nawo bedi, foni, chitseko, nkhope yake, ndi kapu ya wodwala, tsiku lonse magolovesi amodzimodzi. Valani pa ntchito imodzi yokhudza mkodzo, chimbudzi, masanzi kapena magazi, mukamaliza vulani, tayani m'bini yoyenera, sambani.

Foni yanu ndi dzanja lachitatu limene silisamba. Ipukuteni ndi kansalu ka sipiriti, ndipo musaiike pabedi. Inunso musakhale pabedi la wodwala, pemphani mpando. Katundu achepe. Chakudya chochokera kunyumba, ngati chikuloledwa, chibwere chovundikira bwino ndipo chidyedwe chikadali chotentha. Chotsala chisagone m'kabati ya pambali pa bedi. Popeza bambo ndi a shuga, auzeni anamwino chimene adya ndi nthawi yake, kuti jakisoni kapena mapilitsi agwirizane ndi chakudyacho. Mankhwala alionse ochokera kunyumba, a m'botolo kapena azitsamba, asamwe anamwino osadziwa. Ena amalimbana ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, bala n'kuyamba kukha magazi.

Chovuta kwambiri kwa anthu a mtima wabwino n'chakuti m'wodi mudzapeza odwala ena opanda wowadwazika. Wina adzakupemphani madzi, wina kuti mumukonzere pilo. Sindingakuuzeni kuti muumitse mtima. Koma dziwani kuti wodwazika woyenda bedi ndi bedi ndi mlatho wabwino wa tizilombo. Ngati n'kotheka itanani namwino. Ngati mwathandiza nokha, sambani musanapite ndiponso musanabwerere kwa bambo, ndipo makapu, masipuni ndi mabeseni musabwerekane.

Ntchito yeniyeni ya wodwazika, imene ine ndimaiona yoposa kuchapa ndi kudyetsa, ndi kukhala maso a wodwala. M'nyengo ya mliri anamwino amachepa, ena adwala, ena awatumiza ku chipinda cha opatulidwa, ndipo otsalawo amathamanga. Inu mumawadziwa bambo kuposa wina aliyense m'chipindamo. Mukaona kuti ayamba kubwebweta, sakudziwa kumene ali, akuona zinthu zoti palibe, akufuna kuzula diripi, kapena angoti zii kugona tsiku lonse osafuna kulankhula, musanene kuti ndi ukalamba. Kusokonezeka mutu kwadzidzidzi kotere kumagwira okalamba ambiri akachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ndipo kawirikawiri kumaloza chinthu china: matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, kuchepa kwa madzi m'thupi, ululu, kudzimbidwa, mankhwala ena, kapena shuga wotsika. Kwa munthu wa shuga, thukuta lozizira, kunjenjemera ndi kusokonezeka zikabwera pamodzi, itanani namwino nthawi yomweyo kuti ayeze. Zothandiza kupewa kusokonezekaku n'zazing'ono moti anthu amazinyoza: magalasi awo akhale kumaso, mano oikirira akhale m'kamwa, kothandiza kumva kakhale m'khutu ngati amagwiritsa ntchito, masana aone kuwala, usiku agone, ndipo m'mawa uliwonse muziwauza tsiku ndi kumene ali.

Tsiku ndi tsiku yang'anani pamene pali kasingano ka diripi. Pakafiira, kutupa kapena kuwawa, nenani. Bandeji ya pabala musaitsegule nokha, koma ikanyowa, ikamanunkha kapena mafinya akamaoneka, nenani. Ngati ali ndi kachubu ka mkodzo, thumba lake likhale m'munsi mwa chiuno koma lisagone pansi, ndipo m'mawa uliwonse funsani kuti, "Kodi kachubuka kakufunikabe?" Funso limeneli lapulumutsa anthu ambiri, chifukwa kachubu kakaiwalika tsiku lililonse kamawonjezera ngozi. Onani pamatako, kumunsi kwa msana ndi zitendene; khungu likafiira osabwerera mwakale mukalidina, chilonda chayamba. Afunseni anamwino akuonetseni katembenuzidwe koyenera munthu wa opaleshoni ya m'chiuno, musangoyesa. Katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kuwawa, kapena bambo akayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kupweteka pachifuwa, kapena kupuma mothamanga, musadikire kuti dokotala adzadutsa mawa. Kuwani ngati kuli kofunika kukuwa. Ndipo asadzuke okha kupita kuchimbudzi usiku, ngakhale atakalipa. Kugwa kachiwiri n'kumene timaopa.

Mukaona wachipatala akufuna kugwira bala kapena diripi asanasambe m'manja, muli ndi ufulu womukumbutsa. Ndikudziwa kuti zimachititsa manyazi, ndipo ena amaopa kuti wodwala wawo adzadedwa. Kanenedwe ndi kamene kamakonza. "Pepani adokotala, bambowa ndi a shuga ndiye timaopa kwambiri, sanitaiza uyu ali apa." Ine ndinakumbutsidwapo chonchi ndi mnyamata wina amene ankadwazika agogo ake, ndili ndi zaka zambiri pa ntchito, ndiponso ndili mphunzitsi wa kusamba m'manja komweko. Nkhope inatentha, koma mnyamatayo sanalakwe. Chimodzimodzi ndi mankhwala: akabweretsa piritsi lachilendo, funsani dzina lake ndi ntchito yake, ndipo onetsetsani kuti atchula dzina la bambo asanawapatse. Wina akakuyankhani mwachipongwe, musakangane naye pamaso pa wodwala. Kaoneni namwino wamkulu, ndipo zikapanda kutheka, zipatala zambiri zili ndi ofesi yolandira madandaulo.

Kwa abale otsala kunyumba, sankhani munthu mmodzi woti azilankhula ndi achipatala, iyeyo n'kumauza ena onse. Anthu 5 akamaimba aliyense payekha, namwino amathera nthawi pafoni m'malo mokhala pabedi, ndipo uthenga umafika kunyumba uli mitundu 5. Wodwazika akhale ndi kope lolembamo zimene dokotala wanena tsiku lililonse. Gwirizanani nthawi imodzi, mwina madzulo, yoimbirana pavidiyo kuti bambo aone nkhope za ana ndi zidzukulu. Mphindi 10 zikwana. Wodwala amatopa msanga kuposa momwe amavomerera.

Pano ndiwonjezere maganizo anga, ngakhale anzanga ena pa ntchito sangagwirizane nane. M'chaka cha 2020, Covid-19 itangoyamba, zipatala zambiri padziko lonse zinatsekeratu zitseko, ndipo anthu ochuluka anatsirizika popanda dzanja la m'bale wawo. Tinkachita mwa mantha, zodzitetezera zinali zochepa, katemera kunalibe. Komabe ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti m'malo ena tinapyola muyezo. Okalamba anasokonezeka mitu, ena anasiya kudya, ndipo zolakwika zimene wachibale akanaziona msanga zinadutsa. N'chifukwa chake lamulo la chipatala chanu, lolola munthu mmodzi, ndikuliona lanzeru. Dziwaninso kuti pafupifupi paliponse lamulo lotere limakhala ndi khomo lapambali: wodwala amene wafika kumapeto a moyo, mwana wamng'ono, mayi amene akubereka, munthu wolumala kapena wodwala matenda oiwalaiwala. Bambo anu sali pamenepo, ndipo sindikuyembekezera kuti afikapo. Koma matenda atakula mwadzidzidzi, musachite manyazi kupempha kuti ana aloledwe kulowa mmodzimmodzi atavala zodzitetezera. Pemphani kwa namwino wamkulu kapena dokotala, osati kwa mlonda, ndipo musalowe mozemba kapena kupereka kangachepe pageti.

Pobwerera kunyumba, mwana adzakukwawirani mukangotsegula chitseko, ndipo mtima udzafuna kumunyamula. Dikirani mphindi zochepa. Vulani nsapato pakhomo, sambani m'manja, sinthani zovala, zovulazo muchape ndi sopo n'kuyanika padzuwa, ndipo ngati mwakhalako tsiku lonse sambani thupi lonse. Kenako munyamuleni. Kuyamwitsa musasiye. Mkaka wa m'mawere uli ndi zoteteza mwana, ndipo pa chimfine champhamvu, Covid-19 ngakhale kolera, malangizo ndi oti mayi apitirize kuyamwitsa, atasamba m'manja ndiponso atavala masiki ngati akutsokomola. Masiku amene mukhale kuchipatala nthawi yaitali, mukhoza kufinyira mkaka m'kapu yoyera yovundikira. Onaninso khadi la katemera la mwanayo ngati palibe amene anadumphidwa, ndipo inuyo funsani achipatala ngati pali katemera wa matenda abukawo amene mungalandire.

Mukachoka m'wodimo, dziyang'anireni kwa masiku amene achipatala angakuuzeni, popeza matenda aliwonse ali ndi nthawi yake yobisala m'thupi: chimfine champhamvu tsiku limodzi mpaka 4, kolera maola ochepa mpaka masiku 5, Covid-19 mpaka masiku 14, chikuku ndi Ebola mpaka masiku 21. Mukayamba kudwala, musabwererenso kwa bambo. Imbani kuwodi muwauze, ndipo popita kukayezetsa valani masiki n'kunena pofika pomwe kuti mwakhala mukudwazika munthu m'wodi momwe mwabuka matenda. Mukatsekula m'mimba mwamadzimadzi, yambani kumwa ORS nthawi yomweyo muli pa ulendo wa kuchipatala. Kwa mwanayo, thamangani naye osadikira kuti kuche ngati akukana kuyamwa, akusanza chilichonse, akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa mkati popuma, wakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, wafooka moti sakudzuka bwino, maso alowa, liwombo lalowa, kapena watentha thupi n'kutuluka zidzolo.

Bambo akadzatuluka, mudzafunse ngati akuwerengedwa m'gulu la anthu amene anakhala pafupi ndi wodwala mliriwo. Akatero, masiku oyambawo agone chipinda chawochawo chotsegula mawindo, mdzukuluyo azimuonera chapatali, ndipo odzazonda muziwauza pafoni kuti ayambe adikira. Uthenga umenewo muwapatse achimwene anu kuti ndiwo aziufikitsa kwa abale. Mawu awo amamveka, ndipo akhala ndi chochita m'malo mongoyendayenda panja pa geti. Papepala la mankhwala lija mulembeponso nambala ya foni ya wodi ndi dzina la namwino wamkulu, ndipo amene akupita mawa atenge magalasi a bambo.